Nsapato za Ayezi ndi Thanthwe la Kwathu

Ku Ottawa mu Januwale dzuwa limawala koma silifunditsa munthu. Kumazizira mpaka madigiri 20 kunsi kwa ziro, masiku ena kuposa pamenepo, ndipo mpweya ukaukoka umaluma m'mphuno. Nthawi yomweyo kwathu ku Chifunde chimanga chili m'chiuno, anthu ali kalikiliki kubandira, fodya wayamba kucha masamba a m'munsi, bowa ali mbwee m'tchire. Mawotchi athu amasiyana ndi maola 7. Ine ndikamamanga zingwe za nsapato za mwana wanga Loweruka 9 koloko m'mawa, amayi amakhala akuweruka kumunda cha m'ma 4 koloko madzulo, khasu paphewa, nkhwani m'manja.

Nsapato zimene ndimamangazo si zoyendera pamsewu. Kunsi kwake kuli chitsulo chopyapyala, choyambira kuchala mpaka kuchidendene, ndipo kunenepa kwake ndi mamilimita 4 chabe. Pa kachitsulo kameneko ndi pamene mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi amayenera kuimirira, kuyenda, kubwerera chambuyo ndi kutembenuka, pamwamba pa madzi oundana. Maganizo omulembetsa sanali anga. Mayi wina woyandikana naye nyumba ndi amene anandinong'oneza kuti kuno mwana wosadziwa kuyenda pa ayezi amatsalira pa zambiri: sukulu ikapita kubwalo la ayezi iye amakhala pabenchi kusunga majekete a anzake, anzakewo akaitanirana kokasewera iye amafuna chonamizira. Uchilendo ndaulawa ine, ndipo si cholowa chimene ndingafune kusiyira mwana.

Kalabu ya m'dera lathu, monga makalabu ambiri m'dziko muno, imatsata ndondomeko ya bungwe la Skate Canada yotchedwa CanSkate. Ili ndi magawo 6, ndipo m'gawo lililonse mwana amayesedwa pa zinthu zitatu: kukhazikika osagwa, kulamulira mapazi poima kapena pobwerera chambuyo, ndi changu potembenuka ndi podumpha. Akakhoza chimodzi amalandira kariboni, akakhoza zonse zitatu amalandira baji n'kukwera gawo lina. Chisoti cholimba, cha mtundu umene amavala osewera hoke, n'chokakamiza mpaka mwana atadutsa gawo la 5. Wopanda chisoti saponda pa ayezi, ngakhale mayi ake achonderere bwanji. Aphunzitsi amajambula mizere ndi mivi pa ayezi pomwepo ndi zolembera za mitundumitundu, nyimbo zikulira, ana n'kumatsata tinjirato m'timagulu. Ola lisanakwane phunziro latha, ndipo chigalimoto cha Zamboni chimalowa kudzapala ayezi ndi kuthirapo madzi otentha kuti gulu lotsatira lipeze posalala.

Tsiku loyamba sawaphunzitsa kuyenda ayi, amawagwetsa dala. Mphunzitsi amati aliyense akhale pansi, kenaka agwade, aponde ndi phazi limodzi, atsamire manja pabondo, adzuke. Agwenso, adzukenso. Ndinajambula zimenezi n'kutumiza pa WhatsApp kwa alongo anga, chifukwa pakhomo pathu foni yoonera makanema ili ndi iwo okha, ndipo iwo anakawaonetsa amayi. Yankho linafika m'mawa mwake, amayi akuseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, ndiye kuti ukulipira ndalama kuti mdzukulu wanga aphunzire kugwa? Bwera naye kuno. Mvula ikugwa, pakhomo pano n'poterera, adzagwa mwaulere."

Ndinaseka nawo. Koma usiku umenewo tulo tinandithawa, chifukwa amayi anali atandikumbutsa thanthwe.

Mudzi wathu uli m'dera la Mualadzi, kufupi ndi malire a Zambia, kumene kwacha ndi metikali zimayendera limodzi pamsika. Ine ndinabadwa nkhondo ili mkati, ndipo ndinayamba kuzindikira zinthu tili ku Ukwimi, m'boma la Petauke, kumene anthu othawa nkhondo ochokera ku Tete ankawasonkhanitsa kuyambira 1987. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ife n'kubwerera mu 1994. Tinapeza mabwinja, mitengo ya mango ndi imene inatilozera pamene panali nyumba ya agogo. Tinapezanso lamulo limene mwana aliyense ankaliloweza asanadziwe ndi kuwerenga komwe: usapatuke panjira, usatole chitsulo chimene sukuchidziwa, mpira ukagwera m'tchire uusiye. Nthaka yomwe inatibereka inali isanakhulupirike. Mozambique inadzalengeza kuti mabomba okwirira atha mu Seputembala 2015, ine ndili kale munthu wamkulu.

N'chifukwa chake makolo ankatilola kusewera pathanthwe popanda kutilondalonda. Pamwala palibe amene angakumbe n'kukwirira kanthu.

Thanthwelo lili pa kamtsinje kamene madzi ake amakathera mu Luia, kenaka mu Zambezi. N'lalitali, lopendekeka, ndipo m'dzinja madzi ankayenderera pamwamba pake, ndere zitamera kuti biriwiri. Tinkakwera cha m'mbali mouma, n'kukhala pa khungwa la mtengo kapena pa chigubu chong'ambidwa pakati, mnzako n'kukukankha kumsana. Mphepo m'makutu, mtima m'khosi, kenaka phava, m'dziwe. Olimba mtima ankatsetsereka choimirira, mawondo atapinda, manja atatambasula, maso kutsogolo. Tsiku limene ndinamva mphunzitsi wa ku kalabu akufuulira ana kuti apinde mawondo ndi kuleka kuyang'ana mapazi awo, ndinatembenuka kufuna woti ndimuuze kuti zimenezo ndinazimva kale kwa achemwali anga titavala madiresi ong'ambika, koma panalibe woti ndimuuze.

Mphunzitsi wolembedwa ntchito panalibe, koma sukulu inalipo, ndipo inali ndi magawo ake. Mwana wamng'ono ankayamba ndi kukhala pamiyendo pa mkulu wake, awiriwo n'kutsikira limodzi. Kenaka ankamusiya yekha kuyambira pakati pa thanthwe, mkulu atadikirira kumunsi m'madzi, manja ali tcheru. Kuyambira pamwamba penipeni unkaloledwa pokhapokha utaonetsa kuti ungathe kusambira kuoloka dziwe lonse. Ogamula kuti wakhoza anali atsikana ndi anyamata a zaka 12 kapena 13, ndipo chigamulo chawo chinalibe apilo. Ukadzipweteka n'kulira ankakutonthoza okha, ena kukupatsa masuku, ena kukuopseza, kuti nkhani isafike kumudzi tonse tingaletsedwe. Mchemwali wa mnzako ankakusamala mofanana ndi mng'ono wake, chifukwa ukamira iye ndi amene akanafunsidwa.

Sindinganame kuti zonse zinali zokoma. Mano anaguluka pathanthwe lija. Mnyamata wina anathyoka mkono n'kunyamulidwa panjinga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka asanafike kuchipatala. Likodzo anyamata ankaliyesa chizindikiro cha kukula. Chisoti chimene mwana wanga amavala ndimachithokoza, ndipo anzathu ena ochokera kwathu akamanyoza kuti azungu amalera ana mwamantha, ine sindivomera nawo. Ndinaona mmene mayi amakhalira pakhonde mwana wake atagunda mutu pamwala, galimoto kulibe, dokotala kulibe.

Komabe pali china chimene kalabu ilibe, ndipo ndimachimva kwambiri pamalo pamene makolo timakhala. Timakhala kuseri kwa galasi, pamabenchi ozizira, aliyense kapu ya khofi m'manja, diso lina pa foni. Ndi anthu aulemu. Amapereka moni, amakusunthira malo. Koma aliyense amabwera ndi mwana wake, amayang'ana mwana wake, amachoka ndi mwana wake. Mwana wa mnzako akagwa pafupi nawe m'khonde, umayamba wayang'ana kwa mayi ake usanamudzutse. Akachita mwano sumudzudzula. Ine ndinakulira kumene mayi aliyense wodutsa ndi mtsuko pamutu anali ndi ufulu wondikalipira ndiponso udindo wondipukuta mamina. Kwathu mwana ndi wa mbumba. Mwana wangayu, pa mwambo wathu, mwini wake weniweni ndi alongo anga, atsibweni ake, amene sanamugwirepo ngakhale dzanja. Amayi anga aang'ono, azichemwali anga, ana awo, onsewo akanayenera kudzaza benchi lija, kukangana za amene mwanayu watengera miyendo. M'malo mwawo pamakhala ine ndi chikwama cha magolovesi, bambo ake ali kunyumba kugona atachokera ku ntchito ya usiku.

Tsiku limene analandira baji yake yoyamba anabwera akuthamanga pa mphira wa m'khonde, nsapato zikugogoda, kapepala m'manja. Makolo anzanga anaomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu. Pamenepo gogo wina wa ku Lebanon, amene mdzukulu wake analandiranso, anaika dzanja pakamwa n'kutulutsa nthungululu yakeyake, yofulumira kuposa yathu. Sindinadikire. Ndinamuyankha ndi ya ku Chifunde, yaitali, yochokera pansi pa mimba. Mitu inatembenuka, ana athu anabisa nkhope ndi manyazi, ife awiri tinagwirana manja tikuseka. Chingerezi chake n'chochepa, dzina lake sindinalifunse mpaka pano, koma Loweruka lililonse amandisungira malo ndipo amabwera ndi zakudya za ana awiri.

Pa ayezi pomwepo pali anthu amene amandikumbutsa kwathu kuposa wina aliyense. Ndi timatsikana ndi tianyamata ta kalabu yomweyo, tosinkhukirapo, timene timathandiza aphunzitsi. Mphunzitsi wamkulu amafuula malangizo, koma amene amagwada pa ayezi kupukuta misozi ya kamwana, kukagwira manja onse awiri n'kumayenda chambuyo kuti kamwanako katsate, ndi ana anzawo amenewa. Mwana wanga mawu a mphunzitsi amawamva, koma mawu a mtsikana wina wa zaka 13 amene amamugwira dzanja ndi lamulo. Amamanga tsitsi monga mmene iye amamangira, amaima monga mmene iye amaimira. Ine ndimamuyang'ana mtsikanayo ndi kuganiza kuti kwathu tikanamutcha mlezi, tikanamupatsa nsalu pa Khirisimasi, ndipo pa ukwati wa mwana wangayu akanakhala kutsogolo. Kuno chaka chikatha amasamukira gulu lina, mwina osatsanzikana n'komwe.

Ndipo ukafufuza bwino, akatswiri a kuno nawonso anachokera m'mbumba. Tessa Virtue ndi Scott Moir, amene anapambana golide wa Olimpiki ku Vancouver mu 2010 ndi ku PyeongChang mu 2018, anayamba kuvinira limodzi pa ayezi mu 1997 ali ana, m'katauni kakang'ono ka Ilderton, ndipo amene anawaphatikiza anali mchemwali wa mayi ake a Scott, mphunzitsi pa kalabu ya kwawoko. Barbara Ann Scott, mwana wa mu Ottawa muno amene anatenga golide ku St. Moritz mu 1948, anakulira pa Minto Skating Club ya mumzinda womwe uno. Ana a anzanga pabenchi paja anavala nsapato zawo zoyamba atagwiridwa ndi agogo awo pa kadziwe koundana kuseri kwa nyumba. Mudzi ali nawo, kungoti ine sindiuona chifukwa sindine wa m'mudzimo. Mwana wanga zimene anzake analandira kwa agogo iye akuzigula pa ola.

Pa gulu lake wakhungu lakuda ndi iye yekha. Ndinaphunzira kumuluka mizere yogona kuti chisoti chilowe bwino. Tsiku lina anandifunsa ngati anthu ofanana naye amaloledwa kupambana. Tinakhala pansi n'kuonera Surya Bonaly wa ku France akupidiguka chambuyo m'malere ku Nagano mu 1998 n'kutera ndi phazi limodzi, pa nthawi imene malamulo ankaletsa kadumphidwe kameneko. Tinaoneranso Elladj Baldé, wa ku Canada konkuno, amene bambo ake ndi a ku Guinea. Funso lija sanalibwerezenso, koma anayamba kupidiguka pabedi mpaka ndinachita kumuletsa.

Gulu la ana likatuluka pamalowa akuluakulu a STARSkate, amene asankha luso lovina ndi kudumpha. Mwana wanga sachoka msanga, amakakamira pagalasi. Mayina a madumphidwe amawadziwa kale: Salchow, Lutz, Axel, onsewo mayina a anthu amene anawayambitsa. Amandiphunzitsa mwamatama kuti Axel, imene Axel Paulsen wa ku Norway anaidumpha mu 1882, ndi yokhayo imene munthu amanyamuka akuyang'ana kutsogolo, n'chifukwa chake ili yovuta. Mtsikana akayamba kuzungulira pa phazi limodzi manja atatambasula, kenaka n'kuwakokera pachifuwa, liwiro limakwera mpaka nkhope kusaoneka, ndendende nguli imene alongo anga ankasema n'kumaikwapula ndi luzi pabwalo la agogo.

Ndimachita chidwi, inde, koma kukamwa sikukhala yasa monga mmene mwana amayembekezera. Munthu amene anakulira ku Chifunde anaona kale zimene mapazi angathe kuchita. Ndinaona Makanja akutulukira kuchokera kumanda, wamtali kuposa tsindwi la nkhokwe, akuyenda ndi miyendo yake yowonda ija pa nthaka ya zitsa ndi maenje, kuvina, kuwerama, kutembenuka, osagwa. Ndinaona Kapoli akupalasa fumbi mpaka bwalo kuda, mbalule ikuyankha phazi lililonse. Za kudambwe si zanga kunena. Ine malo anga anali kumbali ya amayi oimba ndi oomba m'manja, ndipo kumeneko kunalinso sukulu, chifukwa ukaphonya kuomba ankakutsina. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005 m'dzina la maiko atatu, Malawi, Mozambique ndi Zambia, ngakhale abale athu a ku Malawi amakonda kumutchula ngati wawo okha. Aziti akatero azikumbukiranso kuti Mano, likulu la Undi, linali mbali ya kwathu, kufupi ndi mtsinje wa Kapoche, ufumuwo usanasamukire ku Katete m'zaka za m'ma 1930. Mpaka lero Loweruka lomaliza la Ogasiti mafumu a kwathu amadutsa pa Cassacatiza ndi Chanida kupita ku Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika.

Mwana wanga amatha kubwerera chambuyo pa ayezi maso ali kutsogolo, koma chiuno chake sichidziwa ng'oma. Chitelele cha pamwezi sanachionepo. Ndinayesa kumuphunzitsa m'khitchini, koma chitelele cha anthu awiri, wina akuimba yekha, wina akuyang'ana wotchi, si chitelele.

Bambo wina wachikulire wochokera ku Portugal, amene amabwera ndi mdzukulu wake, atamva kuti ndine wa ku Mozambique anadumpha pabenchi. Anayamba kundiuza m'Chipwitikizi za hoke ya nsapato za matayala, za Fernando Adrião wa ku Lourenço Marques amene ankasewerera Portugal, za timu ya Mozambique imene inafika pa nambala 4 pa dziko lonse ku San Juan, Argentina, mu 2011. Anati mwana wanga luso ali nalo m'magazi. Ndinamwetulira, chifukwa n'zosangalatsa kumva dziko lako likutchulidwa popanda mawu akuti nkhondo kapena namondwe. Koma imeneyo ndi Mozambique ya ku Maputo, ya simenti yosalala ya makalabu a Desportivo ndi Ferroviário, makilomita oposa 1,500 kuchokera kwathu. Ife Katete, Chipata ndi Lilongwe tinkazidziwa kuposa likulu la dziko lathu. Nsapato ya matayala ikanayenda pati m'mudzi mwathu, mmene ngakhale pansi pa kalasi tinkachita kuzira ndi dothi?

Ottawa imanyadira ngalande yake ya Rideau, imene ikaundana imasanduka msewu wa ayezi wa makilomita 7.8, anthu ena kupita kuntchito pa nsapato za chitsulo, zikwama kumsana. Kuti aitsegule pamafunika ayezi wokhuthala masentimita 30. Nyengo yozizira ya 2022 mpaka 2023 sikunazizire mokwanira, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire 1971 ngalandeyo sinatsegulidwe. Chaka chotsatira inatsegulidwa masiku owerengeka okha. Anthu anadandaula pawailesi, m'basi, kuntchito. Miyezi yomweyo, kumayambiriro kwa 2024, ng'amba ya El Niño inali ikuotcha chimanga kwathu chitangomasula ngaiyaye. Zambia ndi Malawi analengeza kuti agwa m'tsoka, ndipo Tete sanasiyidwe. Nkhokwe ya amayi inatha chisanu chisanathe. Anyamata ambiri a m'mudzi anasiya makasu n'kupita kukakumba golide m'maenje. Anzanga akuntchito akamalira ngalande yawo sindinkawaseka, chifukwa nawonso chinali chinthu chimene makolo awo anawasiyira. Ndinkangomvetsera, nthawi yopuma ikakwana n'kutuluka kukatumiza ndalama ya ufa.

Ndalama ndiye pamene pali nkhani tsopano. Mphunzitsi wandiuza kuti mwanayu ali ndi mapazi abwino, ndipo akamaliza CanSkate angachite bwino kupitiriza. Kupitiriza ndiye kuti nsapato zolimba zimene phazi limazikana chaka chilichonse, kunoletsa zitsulo pafupipafupi, kulipira mphunzitsi wakewake, kulipira nthawi ya pa ayezi, zovala, mayeso. Ndikasintha ndalamazo m'mutu kukhala matumba a feteleza, ndimachita chizungulire. Mbali inayi pali matikiti: kuchoka ku Toronto kudzera ku Addis Ababa mpaka Lusaka, basi ya pa Great East Road mpaka Katete, kenaka malire ndi fumbi la kwathu. Zonse ziwiri chaka chimodzi sizingatheke. Bambo ake akuti mwana asadulidwe pamene wayamba kukonda chinthu. Ine ndikuti amayi akukalamba, ndipo mwana amene sanadyepo nsima ya agogo ake ndi mwana wa ndani?

Nkhaniyi ndinaitula kwa alongo anga, monga mwini mbumba. Anamvetsera osandidula, tambala akulira kumbuyo kwawo. Pofuna kuwakokera mbali yanga ndinati ndikufuna mwanayu akaone thanthwe, akatsetsereke pamene ife tinatsetsereka.

"Nabanda, thanthwe liti?" anatero. "Mwala ulipo, sungapite kulikonse. Koma dziwe lija linakwiririka ndi matope a okumba golide kumtunda. Madzi ndi ofiira chaka chonse. Palibe mwana amasewerako."

Sindinayankhe. Iwo anapitiriza kuti za tikiti ndi za nsapato tikambirane fodya akagulitsidwa, aone ngati angaponyepo kangachepe. Ndikudziwa kuti ndalama ya fodya, akadula ngongole ya feteleza ndi mbewu, singagule ngakhale mpando wa mwana mundege, koma sindinawatsutse. Anali kulankhula ngati atsibweni, ndipo aka kanali koyamba kuti udindo umenewo awugwire pa mwanayu. Kenaka anati ndimupatse foni. Mwana analonjera ndi Chichewa chake chopunduka, iwo n'kumufunsa za baji, za kugwa, ngati ayezi amapweteka kuposa mwala. Anamulamula kuti atumize kanema wina, wautali, woonetsa bwino mapazi, chifukwa pali anthu akuufuna.

Anthu akewo ndinawadziwa patapita masiku. Alongo anga anatumiza kanema wawo. Mvula itangokata, pabwalo pa amayi pali chinyowe, dothi lofiira likunyezimira. Ana a achemwali anga ndi anzawo, khumi kapena kuposa, adula zigubu m'tizidutswa, amanga kumapazi ndi malegeni a njinga, akuthamanga kuchokera kukhola n'kutsetsereka mpaka pamtondo. Mtsikana wamkulu pa onsewo wagwira kamwana manja onse awiri, iye akuyenda chambuyo, akukalipira kuti kapinde mawondo. Mnyamata wina anayesa kuzungulira pa phazi limodzi n'kukagwera m'nkhuku. Pamwamba pa phokoso lonselo pakumveka mawu a amayi, osaoneka pa chithunzi koma ali pafupi kwambiri ndi foni.

"Umuuze mlongo wakoyo kuti masewera a mwana wake andithera zigubu. Zitatu zonse adula, cha mafuta chomwe. Ndikatungira chiyani madzi ine? Atumize ndalama ya zigubu, ndipo makanema enawo aziyamba wandifunsa."